Mvula ya pa Nyamapanda ndi khonde la vani yanga

Sabata yatha pa Mwanza ndinapeza anyamata awiri atakhala pansi pa khonde la galimoto, lija lotsegula ndi batani, latsopano lonyezimira, akudya tchipisi. Cha ku Zobue kunali kutayamba kuda, koma lona lawo linali fulati ngati tebulo. Ndinawauza kuti afupikitse mwendo umodzi. Anandiyang'ana ngati ndikufuna kuwagulitsa kanthu. Ndiye ndati ndilembe kuno, mwina wina apulumutsa ndalama zake, chifukwa zanga zinapita.

Kwa amene simunachionepo chinthuchi, azungu amati awning, ine ndimangoti khonde. Ndi bokosi lalitali la aluminiyamu lomangidwa m'mbali mwa denga la galimoto. M'kati muli lona lokulungidwa pa paipi, mikono iwiri yopinda ngati chigongono, ndi kamota ka 12V. Ukadina batani lona limatuluka lokha. Kutsogolo kwake kuli chitsulo chopingasa, ndipo m'chitsulomo mumabisala miyendo iwiri yoti uitsitse pansi, uitalikitse kapena kuifupikitsa mmene ukufunira. Langa ndi mamita 3 m'litali, ndipo likatuluka lonse limafika mamita 2.5.

Sindinachite kuligula palokha ayi. Linabwera ndi vani imene ndinagula ku Joni kwa banja lina la azungu okalamba, amene ankayendera kokaona nyama ku Kruger. Bedi ndi kabati tinachotsa kuti mulowe katundu. Alamu anga, amene amandiyendetsera, ankafuna tichotsenso khondelo, amati likungolemetsa galimoto. Ndinakana, ndipo Okutobala woyamba titaima pa Tete masana, kutentha kutapitirira madigiri 40, mthunzi wa mtengo uliwonse uli ndi mwini wake, alamuwo ndi amene anayamba kudina batani. Chiyambire tsikulo sanayankhuleponso zochotsa.

Chaka chonse ndinaligwiritsa ntchito mosadziwa kuti ndikulakwitsa. Ndinkadina, lona nkutuluka, ine nkutsitsa miyendo yonse iwiri mofanana ndendende, komanso motalika kuti mutu usagunde. Ndinkachita kubwerera m'mbuyo kuyang'ana ngati lawongoka bwino, poti chinthu chopendekeka chimaoneka ngati cha munthu wosasamala. Mwayi wanga unali woti mvula yeniyeni inali isanandipeze nditatsegula.

Inandipeza mu Januwale. Tinali titachokera ku Joni, tadutsa Beitbridge, Masvingo, Harare, Mutoko, nkufika pa Nyamapanda dzuwa litapendeka. Katundu anali mabulangete, omwe amatsika mtengo nthawi yotentha, nsapato za ana asukulu, ndi makatoni a sopo waufa. Theka la ndalama zoodera zinali za ku banki mkhonde ya kwathu ku Limbe. Tinatsitsa katundu wina kuti tiwerengenso molingana ndi mapepala, ndipo pomaliza kunali kutada. Mapepalawo amayenera kutuluka m'mawa. Alamu anati tibwezere m'galimoto. Ine ndinayang'ana kumwamba, nyenyezi zili mbuu, msana ukuwawa, nkunena kuti, "Alamu, tivutikirenji? Denga tili nalo ili." Tinasanja makatoni pa mapaleti awiri obwereka pansi pa khonde, mlonda tinamupatsa kangachepe, tinagona.

Cha m'ma 1 koloko ndinamva mvula ikugunda pa denga. Mphepo kunalibe. Ndinasuzumira pa windo, ndinaona makatoni ali gwa, ndipo mumtima ndinadzitama kuti ndinachita bwino kukana kuchotsa khondeli. Ndinafundanso chitenje. Sindinayang'ane m'mwamba. Ndikanawunikira tochi pa lonapo ndikanaona mimba itayamba kale.

Itakwana 3 koloko kunamveka phokoso ngati tayala laphulika. Potuluka ndinapeza mwendo wa kumbuyo utaterereka m'matope, mkono wa mbali yomweyo utapindika pa chigongono, ndipo madzi onse amene anadikha pamwambapo atakhuthukira pa makatoni nthawi imodzi. Mvula yogwa yokha siikanawononga choncho. Uku kunali ngati munthu wakhuthula mgolo. Ndiye ndi mantha ndinachita cholakwa chachiwiri: ndinathamangira batani kuti nditseke. Kamota kanalira, kanakoka mkono wopindika uja, lona linang'ambika m'mphepete, fyuzi nkupsa. Zii.

Mvula ikakuona litsiro sikata. Tinayamba kuponya makatoni onyowa m'galimoto, pamwamba pa ouma, ndi mdima womwewo.

Amene anatithandiza ndi madala ena a ku Chipata, oyendetsa thiraki ya fulatibedi, amene anaima pafupi nafe. Anabwera ndi tochi ya pamutu ndi malamba awiri omangira katundu. Sanafunse zambiri. Anangoti, "Amayi, chogwirira chake chili kuti? Izi zonse zimakhala ndi chopukusira pamanja." Ine sindinkadziwa. Alamu anakumbuka kuti kuseri kwa mpando kuli chitsulo chachitali chokhota kunsonga, chimene tonse tinkayesa kuti ndi cha jeke. Madalawo anachikoleka pa kamphete ka kumapeto kwa bokosi, anayamba kupukusa pang'onopang'ono, alamu akukankha mkono wopindika kuti ulowe. Bokosi silinatsekeke lonse. Analikulunga ndi malamba aja, nkumangirira ku keriya ya padenga.

Kutacha, tikumwa tiyi, anandifunsa kuti, "Amayi, kumudzi kwanu munaonapo denga la udzu lafulati?" Ndinati ayi. Anati, "Nanga ili munaliyesa chiyani?" Kenako ananditengera kuseri kwa thiraki yawo. Anali atamanga lona lakale m'mbali mwa thirela, pophikira pawo, ndi mitengo iwiri. Mtengo umodzi unali waufupi kuposa unzake ndi chikhatho chonse, ndipo pansi pa ngodya yotsikayo panali ndowa yodzadza thoo. Lona la zigamba, mitengo yotola m'tchire, mvula yomweyo, koma mbaula yawo inali youma. Langa la batani lili mu malamba.

Sopo yense anaumbika ngati njerwa. Nsapato zinauma koma mabokosi ake anaphwasuka, zina zinachita chuku tisanafike Blantyre, ndipo ndinagulitsa pa mtengo wongobweza. Mabulangete okha ndi amene anapulumuka chifukwa cha mapulasitiki awo. Ku banki mkhonde ndinamaliza kubweza patatha miyezi inayi, ndipo amayi a kumeneko mpaka lero amandiseka kuti ndinatenga ndalama za mkhonde nkukamiza pa khonde.

Nditafika kunyumba ndinakhala pansi kuwerengera, masamu ake ndi a ku pulayimale. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, ndi lita imodzi ya madzi, ndipo lita imodzi imalemera kilogalamu imodzi. Lona langa ndi 3 kuchulukitsa ndi 2.5, zomwe ndi 7.5. Ndiye mvula ya mamilimita 20, yomwe mu Januwale si yodabwitsa, ikutanthauza malita 150 odutsa pa lonapo. Matumba atatu a feteleza. Zoona, si onse amene amatsalira. Koma vuto lake ndi loti madzi oyamba akangodikha, ngakhale a ndowa imodzi, lona limatsika pakati, ndipo potsikapo mpamene madzi ena onse amathamangira. Dziwelo limadzikumbira lokha. Mikono ija anaipanga kuti izitambasula nsalu, osati kusenza matumba a feteleza.

Batani ntchito yake ndi kutulutsa ndi kubweza basi. Silidziwa kumene nthaka yatsetserekera, silidziwa kumene mwaika katundu. Alipo ena a mtundu wina, opanda miyendo, amene mkono wake umagonja wokha madzi akalemera nkuwataya. Koma ngakhale amenewo amatayira pamene afuna iwo, pa nthawi imene afuna iwo, kaya pansipo pali mwana kaya katoni ya sopo. Kupendeketsa ndi ntchito ya manja anu.

Mmene ndimachitira tsopano ndi motere. Ndisanadine chilichonse ndimayenda kuzungulira galimoto kuona kumene madzi angalowere akagwa pansi. Malo ambiri oimikapo m'maboda athuwa ndi dothi lopondedwa ndi mathiraki, ndipo mikwasa ya matayala imakuuza komwe matope amakhala. Ndikatero ndimatulutsa lona pafupifupi mita imodzi yokha, ndimaima, nkutsitsa miyendo kaye kuti izithandiza kunyamula. Ukalitulutsa lonse miyendo isanafike pansi, kulemera konse kumakoka mabawuti a pa khoma la galimoto, ndipo amayamba kugwedera. Kenako ndimapitiriza kutulutsa, ndikusuntha miyendo pang'onopang'ono. Likafika kumapeto ndimadina batani lobweza kamodzi, kungogunda chabe, kuti nsalu ikungike. Lona lolendewera limasunga madzi ngakhale mutalipendeketsa.

Ndiye kupendeketsa kwenikweniko kuli pawiri. Koyamba, miyendo yonse iwiri ikhale yotsika kuposa bokosi, kuti madzi azithawa galimoto. Kachiwiri, mwendo umodzi ukhale waufupi kuposa unzake ndi masentimita 15 kapena 20, pafupifupi chikhatho chotambasula. Kachiwirika ndi kamene ambiri timasiya. Mukangotsitsa kutsogolo kokha mofanana, madzi amatsika ndithu koma amakaima kuseri kwa chitsulo chopingasa chija, poti chimakhala ngati mzere wa m'munda. Ngodya imodzi ikatsika, amayenda motsatira chitsulocho mpaka kukagwera malo amodzi. Musachite kunyanya mpaka mikono kupotoka, mukamva ikulira mwapitirira.

Mwendo woti ufupike ndi wa kumene nthaka yatsikira, kutali ndi chitseko ndi katundu. Pa vani yanga chitseko chokoka chili cha kutsogolo, ndiye kawirikawiri ndimatsitsa wa kumbuyo. Koma ngati tikupakira pa zitseko za kumbuyo ndimasintha, apo ayi tikhala tikuponda matope athu omwe. Amene muli ndi chitseko chotsegukira kunja, yesani kuchitsegula mukatha kupendeketsa, chifukwa nsonga yake imakhula lona mpaka kuboola. Pansi pa mwendo uliwonse ndimaika kathabwa ndi kukhomera chikhomo, phunziro la mwendo uja unaterereka. Pomaliza ndimatenga botolo la malita awiri nkuthira pamwamba. Madzi akayenda onse kukagwera pa ngodya imene ndasankha, ndakhoza. Akaima penapake, ndimatsitsanso pang'ono. Anthu amandiseka pothira madzi pa lona dzuwa likuswa mtengo. Asekeni.

Ndipo pa ngodya ija pamakhala ndowa, monga anandionetsera madala aja. Inu mukudziwa kuti m'maboda madzi osamba ndi ogula. Oyamba ndimataya chifukwa amatsuka fumbi ndi utsi wa dizilo, otsatirawo ndi ochapira ndi kusamba. Akumwa ayi.

Mukapeza madzi adikha kale, musakhudze batani. Chotsani anthu ndi katundu kumbali yotsika, fupikitsani mwendo pang'onopang'ono mutaima cham'mbali, kenako kankhani mimbayo cha pansi ndi chikhatho kapena mutu wa tsache. Osati ndi ndodo yosongoka.

Tsono pali mkangano umodzi pakati pa mvula ndi mthunzi, ndipo ine ndi alamu timaukangana ulendo uliwonse. Iwo ndi aatali, amafuna khonde lokwera kuti aziimirira bwino ndi kuti mpweya uzidutsa. Pa Tete akunena zoona, lona likatsika kwambiri pansi pake pamakhala ngati mu uvuni. Koma khonde lokwera limapereka mthunzi wabwino masana okha, dzuwa lili pa liwombo. Likangopendeka, cha m'ma 3 koloko, limalowa cha pansi nkukupezani pa mpando pomwepo. Apa kutsitsa miyendo kumathandizanso mthunzi, ndipo chitenje chomangirira ku chitsulo cha kutsogolo ndi mapegisi ochapira chimamaliza ntchito. Tinagwirizana kuti kuyambira Meyi mpaka Seputembala alamu akweze mmene afunira. Kuyambira Okutobala mpaka Epulo ngodya imodzi imatsika, kaya kumwamba kuli mbee.

Koma mthunzi weniweni umayambira pa kaimikidwe ka galimoto, musanatsegule nkomwe. Khonde langa lili kumanzere, mbali ya chitseko, ndipo izi zimatikomera poti South Africa, Zimbabwe, Mozambique, Malawi, Zambia ndi Tanzania tonse timayenda kumanzere, ndiye ukaima m'mbali mwa msewu khonde limakhala kutali ndi magalimoto odutsa. Anzathu olowa ku DRC kudzera pa Kasumbalesa kumbukirani kuti kumeneko amayenda kumanja, khonde lanu likhala mbali ya msewu. Galimoto ikayang'ana kum'mwera, kumanzere kwake ndi kum'mawa, ndiye dzuwa loopsa la madzulo limatchingidwa ndi thupi la galimoto lomwe. Ikayang'ana kumpoto, monga timachitira tonse pamzere wobwerera kwathu, khonde lili kumadzulo, ndipo madzulo onse mukhala mukusuntha mpando. Pamzere sungasankhe, koma m'yadi yogona ungathe.

Miyezi nayo imasintha zinthu. Mu Juni ndi Julaye dzuwa limadutsa cha kumpoto tsiku lonse, kwambiri mukakhala kumunsi ku Musina ndi Polokwane. Mukafuna mthunzi galimoto iyang'ane kumadzulo, khonde likhale kum'mwera. Mukafuna kuwothera dzuwa, poti m'mawa wa Juni ku Harare si wamasewera, iyang'ane kum'mawa. Mu Disembala pa Beitbridge masana dzuwa limakhala pafupifupi pamutu penipeni, pomwe pa Tete ndi kwathu kuno limapendekera pang'ono kum'mwera. Nthawi imeneyo mbali iliyonse ndi yabwino masana, nkhani imangokhala ya m'mawa ndi madzulo.

Chimene kupendeketsa sikungathetse ndi mphepo. Usiku wa pa Nyamapanda kunalibe mphepo, nchifukwa chake ndinathyola mkono umodzi wokha. Mvula ya mabingu ya Novembala imatsogoza mphepo ndi fumbi, ndipo mphepoyo imalowa cha pansi nkunyamula lona ngati ambulera. Ndinaonapo khonde la munthu litapindikira padenga la galimoto ndi kamvuluvulu wa masekondi ochepa cha ku Changara. Ndiye lamulo langa ndi lakuti kupendeketsa ndi kwa mvumbi ndi mvula yogwa phee. Mukaona mapepala ndi majumbo ayamba kuuluka, kwezani katundu, tsekani. Musanatseke bwezerani miyendo pa msinkhu umodzi ndi kuipinda bwino, chifukwa likalowa lopendekeka lona limakulungika mbali imodzi nkudyeka m'mphepete. Malamba omangira ku zikhomo amathandiza pa mphepo yapakatikati. Ena ali ndi kachipangizo kotseka kokha mphepo ikakula, koma kumeneko nkwa makonde opanda miyendo. Lanu likakhala lokhomerera pansi palibe chimene chingalitsekere inu muli ku ofesi ya ajenti.

Ndinene zoona, lamulo loti usagone khonde lili lotsegula ndimaliphwanya nthawi zina, mvumbi ukakhala wa masiku awiri ndipo m'galimoto mulibe popumira. Koma katundu wogulitsa sagonanso pansi pake. Pamagona mipando ndi mapoto.

Zina ndi zazing'ono. Mukatseka lili lonyowa, poti boda siidikira kuti liume, litseguleni pa malo oyamba amene mwapeza dzuwa. Likakhala masiku atatu m'bokosi lonyowa limachita madontho akuda ndi fungo losatha. Masamba ndi timiyala sesani musanakulunge. Mbaula ikhale kunja kwa lona, osati pansi pake. Kamota kaja sikadya moto wambiri, koma ngati usiku wonse mwatchaja mafoni asanu ndi kuyatsa firiji pa batire limodzi, m'mawa khonde silitseka ndipo galimoto siilira, mzere ukuyenda. Chopukusira pamanja chija chidziweni komwe chili, muchiyese kamodzi masana kunyumba, ndipo fyuzi yapadera ikhale mu dashibodi. Madalaivala a mathiraki amene mukufuna kumangitsa lotere, magetsi anu ambiri ndi 24V, musalumikize kamota ka 12V mwachindunji, kapsa pomwepo. Za lona la pa thirela sindingakuphunzitseni, inu ndi amene mukudziwa kuti mphako iliyonse pakati pa katundu imasanduka dziwe ngati simunaike msana pakati.

Lona ndinasoketsa kwa osoka matenti ku Limbe ndipo silidontha. Mkono uja anauwongola ndi kuuwotcherera amisiri a aluminiyamu, ukugwira, koma potseka alamu amachita kuukankha ndi dzanja kuti ulowe m'bokosi. Ndafufuza ku Joni maulendo awiri, amandiuza kuti ndigule mikono yonse iwiri pamodzi, mtengo wake wofanana ndi mabelo awiri a mabulangete. Ngati wina ali ndi khonde lowonongeka la mamita 3 limene mkono wake wa kumbuyo uli bwino, andipeze tikambirane. Ndinyamuka Lachinayi kudzera Mwanza, ndikhala pa Nyamapanda Lachisanu.